Inshuwalansi ya paulendo itayesedwa ku Dar es Salaam: pomwe inandigwira dzanja ndi pomwe inandisiya

Chikalata cha inshuwalansi chomwe ndikufuna kukambapo ndinachigula m'mwezi wa Juni chaka chatha pa ofesi ya kampani ina m'tauni muno mwa Mzuzu, patatsala masiku atatu kuti ndinyamuke ulendo wa ku Dar es Salaam kukatenga galimoto yomwe ndinaitanitsa kuchokera ku Japan. Aka sikanali koyamba kuti ndioloke chipata cha Songwe, ndipo maulendo onse a m'mbuyomo ndinkayenda monga amayendera anzanga ambiri ochita malonda mumsika wa Taifa, nditangonyamula pasipoti ndi ndalama ya katundu. Amene anasintha maganizo anga ndi mayi a kunyumba. Miyezi ingapo ulendowu usanachitike, kumpingo kwathu ku Katoto tinasonkha ndalama kwa masabata atatu kuti thupi la mnyamata wina yemwe anamwalirira ku Johannesburg lifike kwawo ku Mzimba, ndipo iwowo ndi amene ankalemba m'buku la zopereka, kotero anaona ndi maso awo mmene ndalama yosonkha imachedwera pamene mabilu a kunja akukwera tsiku ndi tsiku. Atamva za ulendo wanga anandiuza kuti, "Bambo, ulendo uno musanyamuke opanda pepala la inshuwalansi, paja tsoka silinunkha."

Tsokalo linandipezadi, ndipo n'chifukwa chake ndaona kuti ndilembe, poti anthu ambiri amene amagula inshuwalansi yotereyi amabwerera kwawo ali bwinobwino osadziwa kuti pepala lomwe analipirira likanawachitira chiyani. Ine ndinaliyesa pa zenera lolipirira la chipatala cha m'dziko la eni, usiku, ndikulephera kuimirira chilili. Chigamulo changa n'chakuti pa nthawi yomwe moyo wanga unali pa chiswe kampaniyi inachita zomwe inalonjeza, koma inalephera pa malo awiri, pondigulitsa chikalatacho ndi pondibwezera ndalama zanga, ndipo malo awiriwa ndi amene Mmalawi wamba angapwetekerepo.

Kugula sikunatenge ngakhale theka la ola. Mayi wa pa ofesiyo anandilandira mwaulemu, anapempha pasipoti, anafunsa dziko lomwe ndikupita, tsiku lonyamuka ndi lobwerera, kenako anasindikiza satifiketi ya tsamba limodzi yosonyeza kuti kampani ikhoza kulipira chithandizo cha mwadzidzidzi mpaka madola 50,000 pa masiku 10. Ndalama yomwe ndinalipira inali yochepa kuposa ya mafuta omwe galimoto ingamwe kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Iringa, ndipo pa mtengo ndilibe dandaulo lililonse. Dandaulo langa lili pa zomwe sizinanenedwe. Mayiyo sanandifunse ngati ndimamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi kapena a shuga, sanandiuze kuti pali gawo la bilu lomwe ndidzalipire ndekha, ndipo malamulo a mgwirizano, omwe ali m'kabuku ka masamba oposa 20 a Chingerezi cha zilembo zing'onozing'ono, anangonena kuti andiponyera pa imelo. Chimodzi chokha chomwe anatsindika, atalozapo ndi cholembera, chinali chakuti, "Bambo, mukadwala kumeneko muimbe nambala ili pamwambayi musanachite china chilichonse." Mawu amenewo anali oona ndithu ndipo anandipulumutsa, koma munthu wogulitsa chinthu chomwe chimagwira ntchito pa tsiku la mavuto lokha amayenera kunena zoposa pamenepo.

Ndinayenda ndi alamu anga, mchimwene wawo wa mayi a kunyumba, omwe amadziwa Chiswahili komanso amayendetsa galimoto, ndipo tinkagona m'nyumba ya alendo ku Kariakoo podikira kuti ejenti amalize mapepala a ku doko. Tsiku lachitatu masana ndinayamba kumva kupweteka pozungulira mchombo, ndipo ndinkaganiza kuti ndi chakudya chomwe ndinadya m'mawa, choncho ndinangomwa panado n'kugona. Pofika madzulo ululuwo unatsikira kumunsi kwa mimba, mbali ya kumanja, ndinasanza kawiri, thupi linatentha, ndipo kuwongola mwendo wa kumanja kunayamba kundivuta. Alamu anga atandiona ndikuyenda chowerama kupita kubafa anati, "Alamu, izi si za chakudya ayi, valani nsapato tizipita kuchipatala." Tinakwera bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu konyamula anthu, ndipo nthawi iliyonse yomwe tayala lagunda dzenje ndinkamva ngati andibaya ndi mpeni. Pa chipatala china cholipira chomwe woyendetsayo anatifikitsa, dokotala anadinikiza pamalo popwetekapo pang'onopang'ono kenako n'kuchotsa dzanja mwadzidzidzi, ndipo ndinakuwa. Atayeza magazi ndi kujambula m'mimba anatiuza kuti ndi apendikisi, kathumba kakang'ono ka kumatumbo komwe kakatupa kamayenera kuchotsedwa msanga, chifukwa kakaphulika mafinya amafalikira m'mimba monse ndipo matenda amakula kwambiri.

Kenako anatitumiza ku zenera lolipirira, ndipo apa m'pamene inshuwalansi imayesedwera. Mtsikana wa kuseri kwa galasi analemba pa kapepala chiwerengero cha mashilingi chomwe chipatala chinkafuna ngati dipoziti ndisanalowe ku thiyeta, n'kukakankhira kwa ife kudzera pansi pa galasilo. Ndalama zonse zomwe tinatsala nazo m'thumba, zomwe zinali za mafuta ndi za pa boda, sizinkafika ngakhale theka la chiwerengerocho. Ndinatulutsa satifiketi ija m'kachikwama ka pasipoti, itapindidwa kanayi, ndipo mtsikanayo ataiwerenga anaibweza mwaulemu n'kunena kuti pepala lokha silikwanira, akufuna kalata yochokera ku kampaniyo yotsimikiza kuti ilipira bilu yanga. Anthu ambiri amaganiza kuti satifiketi imagwira ntchito ngati khadi la sikimu ya chipatala lomwe timangoonetsa kuno kwathu, koma si choncho ayi. Chipatala cha kunja sichiidziwa kampani ya ku Malawi, ndipo chimene chimachitsegulira munthu chitseko ndi kalata ya chitsimikizo yomwe imabwera pokhapokha waimba foni.

Kuimbako nakonso kunali ndi mavuto ake, omwe ndikanawapewa wina akanandichenjeza. Nambala yomwe inali pa satifiketi inali ya kunja, laini yanga ya ku Malawi sinkagwira, ndipo pa laini ya ku Tanzania ya alamu anga mayunitsi anatha tikudikirabe kuti wina ayankhe. Alamu anathamangira panja kukagula ena, ine nditakhala pa benchi ndikutuluka thukuta. Pambuyo pake, nditachira, ndinapeza kuti patsamba lina la kabuku kaja panali nambala ya WhatsApp yomwe ikanatipeputsira zonsezi, koma pa satifiketi sinalembedwe. Titaimbanso anayankha mayi wolankhula Chingerezi chothamanga, yemwe anafunsa nambala ya chikalata, dzina la chipatala, dzina la dokotala ndi zomwe apeza, kenako anatipatsa nambala ya nkhani yanga, yomwe alamu analemba kuseri kwa lisiti la sikani chifukwa panalibe pepala lina pafupi. Chomwe ndinayamikira n'chakuti atamva kuti mayunitsi akutha anati tidule, ndipo patangopita mphindi zochepa anatiimbira yekha.

Pamenepo m'pamene ndinamvetsa mmene malonda amenewa amayendera. Kampani ya kuno imagulitsa chikalata ndi kulandira ndalama, koma amene amayankha foni usiku ndi kampani ina ya kunja yomwe ntchito yake ndi kuthandiza apaulendo, ili ndi madokotala akeake, ndipo imadziwana ndi zipatala za m'mayiko osiyanasiyana. Madokotala amenewo anafuna lipoti la dokotala wondiona asanavomereze opaleshoni, ndipo kuyambira pomwe tinaimba mpaka kalata ya chitsimikizo kufika pa imelo ya chipatala panadutsa maola pafupifupi anayi. Kwa munthu wokhala mu ofesi maola anayi ndi ochepa, koma kwa munthu amene kathumba kake kakhoza kuphulika nthawi iliyonse ndi ochuluka kwambiri. Chipatala chinavomera kundigoneka ndi kundiika diripu ya mankhwala ngati titalipirako gawo lina, choncho alamu anaimbira mayi wina wa kuno kwathu, wooda zitenje ku Kariakoo, yemwe tinakwera naye basi imodzi, ndipo anabwera usiku womwewo ndi mashilingi a katundu wake n'kutibwereka popanda kulemberana paliponse. Kalata itafika zinthu zinasintha nthawi yomweyo. Palibenso anatchula za ndalama, ndipo kunja kusanache ndinali nditalowa ku thiyeta.

Ndikufuna kukhalitsa pa mfundo imeneyi ya kalata, chifukwa kwa ine ndi pomwe pali phindu lonse la inshuwalansi ya paulendo kwa munthu wochokera ku Malawi. Pali njira ziwiri zomwe kampani ingathandizire wodwala. Ina ndi yakuti wodwala alipire yekha kenako adzabwezeredwe akafika kwawo, ndipo ina ndi yakuti kampani ilipire chipatala mwachindunji. Kwa nzika ya dziko lomwe ndalama yake ndi yolimba njira ziwirizi sizisiyana kwenikweni, popeza amangopereka khadi la kubanki n'kudikira kubwezeredwa. Kwa ife ndi nkhani ina. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja n'zosowa m'mabanki, ndipo aliyense amene anayesapo kupempha madola a ulendo akudziwa kuti kukhala ndi makwacha mu akaunti sikutanthauza kuti ungalipire bilu ya kunja usiku umodzi. Ngakhale abale anga onse a ku Chibavi ndi ku Luwinga akanasonkha ndalama yokwanira m'mawa mwake, funso likanakhala lakuti ifika bwanji pa zenera lija ili mashilingi. Choncho chomwe ndinagula pa ofesi ija, ngakhale sindinkadziwa, ndi mwayi woti wina amene ali ndi ndalama zakunja m'manja alipire m'malo mwanga pa ola lomwe ndikuzifuna. Chiwerengero cha madola 50,000 chomwe chimakopa maso pa satifiketi chilibe ntchito ngati mgwirizano ukunena kuti uyambe walipira wekha, ndipo funso loyamba lomwe wogula aliyense ayenera kufunsa ndi lakuti kampaniyo imalipira chipatala yokha kapena imangobweza.

Masiku anayi omwe ndinakhala m'wodi kampani yothandizayo inandisamala mokwanira. Tsiku lililonse wina ankaimba kufunsa mmene ndadzukira, ankalankhulana ndi dokotala wanga, ndipo bilu ya opaleshoni, bedi, mankhwala ndi zoyeza inapita kwa iwo osadzera m'manja mwanga. Nditatulutsidwa analipiranso chipinda cha masiku atatu omwe dokotala anati ndikhale pafupi kuti aone bala, ngakhale kuti chipinda ndi chakudya cha alamu anga, omwe ankandisambitsa ndi kundithandiza kudzuka pabedi, sizinawerengedwe chifukwa iwo analibe chikalata chawochawo.

Kusamvana kunabuka pa nkhani yobwerera kunyumba. Dokotala anakaniratu zoti ndiyende pa galimoto ulendo wa makilomita oposa 1,000 wodzera ku Morogoro, Mikumi, mapiri a Kitonga, Iringa, Makambako ndi Tukuyu, ndipo analemba kalata yondiloleza kukwera ndege. Kampani inavomera kugula tikiti, zomwe ndikuthokoza, koma inati tikitiyo ikhala yopita ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe. Ndinayesetsa kuwafotokozera kuti kwathu ndi ku Mzuzu, kumpoto, ndipo kuti zikanandipeputsira akanandifikitsa ku bwalo la ndege la Songwe pafupi ndi Mbeya kuti abale adzandichingamire pa boda, kapena akanalipira galimoto yonditenga ku Lilongwe kukandisiya pakhomo. Yankho lawo linali lakuti mgwirizano umanena za kubwezera wodwala ku dziko lake, ndipo udindo wawo umathera pomwe waponda m'dzikomo. Motero mayi a kunyumba anachita kubwera ku Lilongwe, ndipo makilomita pafupifupi 350 a msewu wa M1, kudzera ku Kasungu, Jenda ndi Chikangawa, ndinawayenda pa basi nditakumbatira pilo pamimba kuti bala lisagwedezeke. Mwina kwa amene analemba malamulowo dziko ndi likulu lake ndi chinthu chimodzi, koma kampani yomwe ili ndi ofesi mu Mzuzu ndipo imalandira ndalama za anthu a ku Karonga, Rumphi ndi Chitipa iyenera kudziwa kuti wodwala wotsika ndege ku Lilongwe sanafike kwawo. Za galimoto yanga, yomwe inakhala masiku owonjezera ikulipiritsidwa ndalama yosungira kenako n'kubwera ndi alamu ndi dalaivala wolembedwa ganyu, sindikudandaula, chifukwa inshuwalansi ya thupi la munthu silonjeza za katundu wake wa malonda.

Gawo lomwe linanditopetsa kwambiri ndi lobwezeredwa dipoziti ija pamodzi ndi ndalama za sikani ndi zoyeza magazi zomwe tinalipira kalata isanafike. Ku ofesi ya ku Mzuzu anandipatsa fomu, anafuna malisiti enieni osati zithunzi zake, lipoti la dokotala lokhala ndi chidindo, ndi masamba a pasipoti osonyeza tsiku lotuluka ndi lolowa. Zonsezi n'zomveka, koma ena mwa malisitiwo anali a mapepala opyapyala a m'makina aja omwe zilembo zake zimafufutika akakhala m'thumba lotentha, ndipo limodzi linakanidwa chifukwa chiwerengero sichinkaonekanso. Mapepala anatumizidwa ku likulu la kampani, ndipo kwa masabata asanu ndi awiri ndinkapita kukafunsa n'kumauzidwa kuti akuunikabe, popanda wina wondiimbira kundiuza pomwe zafika. Ndalama itabwera inali itachotsedwa madola 100, gawo lomwe m'kabuku mwawo amalitcha excess, kutanthauza ndalama yoyamba ya bilu yomwe mwini chikalata amasenza yekha. Lamuloli lili m'makampani ambiri ndipo sindikulitsutsa, koma ndinalimva koyamba tsiku lolandira ndalama. Chopweteka kwambiri chinali chakuti yotsalayo anaiwerengera m'makwacha pa mtengo wa kubanki, pomwe mayi wa zitenje uja ndinayenera kumubwezera makwacha okwanira kuti akapezenso mashilingi omwe anandibwereka, ndipo aliyense wochita malonda a pa boda akudziwa kuti mitengo iwiriyi ndi yotalikirana. Pamapeto pake zomwe ndinabwezeredwa sizinakwane kubweza ngongoleyo, ndipo ndinachita kuonjezera za m'thumba. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo pa nkhani ya inshuwalansi ya kunja ndalama yomwe yatuluka m'thumba mwako sibwerera ili yofanana. Amene angaone kuti kampani ikumuzengereza mopitirira muyeso adziwe kuti makampani a inshuwalansi amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, yomwe imalandira madandaulo a anthu ndipo ili ndi nthambi mumzinda muno, ngakhale kuti ine sindinafike pokadandaula kumeneko.

Masabata omwe ndinakhala pakhomo ndikudikira kuti bala lipole ndinawerenga kabuku kaja tsamba ndi tsamba, ndipo ndinachita mantha poona kuti ndinathandizidwa chifukwa matenda anga anagwera mbali yabwino ya malamulo. Apendikisi ndi matenda ogwa mwadzidzidzi omwe palibe anganene kuti ndinanyamuka nawo kunyumba. Ndikanakhala kuti ndagwa ndi sitiroko, ndipo m'buku langa la kuchipatala muli mbiri ya kuthamanga kwa magazi, mgwirizano wanga ukanalola kampani kukana kulipira, chifukwa matenda omwe munthu anali nawo kale asanagule chikalata saphatikizidwa pokhapokha atawaulula ndipo kampani itavomera molemba. Ndikaganiza za amayi ndi abambo a msinkhu wanga omwe amakwera basi za ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg atanyamula mapilitsi a BP ndi a shuga m'chikwama, ndimaona kuti funso lomwe mayi wa pa ofesi uja sanandifunse ndi lomwe likanayenera kukhala loyamba. Munthu wotere akhoza kulipira, kuyenda ndi mtima wokhazikika, kenako n'kudzamva pa zenera la chipatala kuti matenda okhawo omwe amawaopa ndi amene sali mu mgwirizano.

Malamulo ena omwe ndinawapeza amakhudza ndendende mmene ife timayendera. Ngozi ya pa njinga yamoto siilipiridwa ngati wokwera sanavale chipewa chodzitetezera, pomwe mu Dar es Salaam bodaboda ndiyo njira yachangu yopitira ku doko ndipo ine ndinakwera kawiri mutu uli pamtunda. Kuvulala munthu ataledzera sikuwerengedwa. Amene wapita kukagwira ntchito ya manja, monga achinyamata athu ambiri omwe amapita ku South Africa kukamanga nyumba kapena kukagwira m'minda, sali m'gulu la apaulendo omwe chikalata changa chimawateteza. Amayi oyembekezera ali ndi malire a masabata, okalamba ali ndi malire a zaka, ndipo amene akupita kunja n'cholinga chokalandira chithandizo, monga ambiri amapitira ku India, asaganize n'komwe kuti inshuwalansi ya paulendo idzawalipirira, chifukwa imeneyi ndi ya matenda ndi ngozi zopezana nazo panjira. Lamulo lina lomwe lingakole ambiri ndi la masiku. Changa chinali cha masiku 10, ndipo chinatalikitsidwa chokha chifukwa ndinali m'chipatala, koma chikanakhala kuti chatha ndikungodikira mapepala a galimoto, zomwe zimachitika kawirikawiri ku doko, n'kudwala tsiku lotsatira, sindikanalandira kanthu. Kuonjezera masiku ochepa pogula kumadya ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi chiopsezo chimenecho.

Nkhani yomwe inayambitsa zonsezi, yobweretsa thupi la womwalirira kunja, ilimo mu mgwirizano, ndipo mayi a kunyumba anapempha kuti ndiwawerengere ndime imeneyo kawiri. Kampani imalipira zokonza thupi, bokosi ndi mayendedwe, koma pokhapokha abale ataidziwitsa msanga ndi kuilola kuti ikonze yokha dongosolo. Banja likathamangira kupangana ndi a nyumba ya chisoni palokha, kenako n'kudzapempha kubwezeredwa, likhoza kukanidwa. Izi zikutanthauza kuti chikalata chomwe chili m'chikwama cha wapaulendo yekha, popanda wina kunyumba wodziwa kuti chilipo, chikhoza kupita pachabe pa tsiku lomwe chikufunika koposa.

Ena amandifunsa ngati sikimu ya chipatala ya kuntchito siikwanira. Yankho lili m'malamulo a sikimu iliyonse, ndipo wapaulendo afunse molemba asananyamuke, chifukwa kutumizidwa kunja ndi dokotala wa kuno ndi nkhani yosiyana ndi kudwala mwadzidzidzi uli kale kunjako. Enanso amagula inshuwalansi chifukwa chokakamizidwa basi. Wopempha viza ya mayiko a Schengen ku Ulaya amayenera kuonetsa inshuwalansi yosachepera mayuro 30,000 yolipirira chithandizo cha mwadzidzidzi ndi kubwezeredwa kwawo, ndipo Zanzibar inayamba mu Okutobala 2024 kufuna kuti alendo ochokera kunja agule inshuwalansi yake polowa. Wogula mokakamizidwa amangosankha chotsika mtengo kuti pepala lidutse pa kauntala, ndipo ndikuganiza kuti chizolowezi chimenechi n'chomwe chachititsa ogulitsa ena kuiwala kufotokoza, poti ambiri obwera kwa iwo safunsa kanthu. Koma ku Tanzania, Zambia, Mozambique ndi South Africa, komwe anthu a kuno amapita kwambiri, ine palibe anandifunsapo pepalali pa boda, ndipo kumeneko n'komwe ambiri a ife timadwalira.

Mwezi watha, pokonzekera ulendo wina wa ku Dar es Salaam, ndinabwerera ku ofesi yomweyo, chifukwa kampani yomwe inandilowetsa ku thiyeta usiku uja sindingaitaye chifukwa cha zolakwa zomwe zikhoza kukonzedwa. Ndinamupeza mayi yemwe uja, ndinamuthokoza chifukwa cha nambala yomwe anandilozera, kenako ndinamufotokozera zonse zomwe ndalemba panozi. Ndinapempha kuti akauze akuluakulu ake asindikize tsamba limodzi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka lonena zomwe sizilipiridwa, aike nambala ya WhatsApp pa satifiketi penipeni, ndipo aganizirenso za wodwala wa kumpoto amene amasiyidwa ku Lilongwe. Anamvetsera mwachidwi ndipo analemba m'kabuku kake. Ulendo uno ndinagula masiku 21 m'malo mwa 10, ndinagulira alamu anga chikalata chawo, ndinajambula satifiketi zonse ziwiri n'kutumizira mayi a kunyumba, ndipo ndinaulula kuti chiyambireni opaleshoni ija dokotala anandipeza ndi kuthamanga kwa magazi n'kundiyambitsa mankhwala. Mayiyo anati za matenda amenewo ayenera kufunsa ku likulu, ndipo anandipempha kuti ndilipire kaye yankho lidzandipeza pa foni. Ndinamuuza kuti, "Mayi, ndidikira pompano," ndipo ndinakhala pa mpando wa alendo kwa ola limodzi ndi theka mpaka imelo inafika yonena kuti avomera kuphatikiza matendawo nditaonjezera ndalama pang'ono. Anaisindikiza, anadindapo chidindo cha ofesi, ndinaipinda pamodzi ndi satifiketi m'kachikwama ka pasipoti, ndipo pamenepo m'pamene ndinatulutsa ndalama.